Galimoto ya hayibulidi: mmene amisiri anaimasulira kuti ithamange ndi magetsi okha

Mawu akuti hayibulidi ambiri a ife tinawadziwira kumunda, pa mbewu ya chimanga. Masiku ano mawu omwewa afika pamsewu. Amene mumayenda pamsewu wa ku Zobwe, kapena kudutsa pachipata cholowera ku Dedza, mwaziona galimoto zing'onozing'ono za Toyota zotchedwa Prius ndi Aqua, zomwe zimanyamuka mwakachetechete ngati mphaka, injini osamveka. Koma zikangoyamba kuthamanga, injini imadzuka n'kuyamba kumwa petulo monga galimoto ina iliyonse.

Anthu ambiri amafunsa kuti: ngati galimotoyi ikutha kunyamuka ndi magetsi, bwanji osangoyenda nawo ulendo wonse? Funso lomweli linawasowetsa tulo amisiri ena ku America zaka 20 zapitazo, mpaka anayamba kumasula galimoto zawo m'magalaja a kunyumba. Zimene anapeza n'zothandiza kwa aliyense amene akuganiza zogula galimoto yotere, ngakhalenso kwa amene amangoikwera.

Ng'ombe ziwiri pa goli limodzi

Kampani ya Toyota inayamba kugulitsa Prius ku Japan m'mwezi wa December 1997, ndipo m'chaka cha 2000 inafika nayo kumaiko ena. Aqua, yomwe ndi mng'ono wake, inatuluka mu 2011. Zambiri zimene timaziona kuno n'zakale zochokera ku Japan, pakuti kumeneko amayenda kumanzere kwa msewu monga ife.

Galimoto ya hayibulidi ili ngati ngolo yokokedwa ndi ng'ombe ziwiri. Ng'ombe yoyamba ndi injini ya petulo. Yachiwiri ndi mota ya magetsi imene imadya kuchokera m'batire lalikulu lobisika kumbuyo. Batirelo silitchajidwa kunyumba ayi. Limadzadza lokha injini ikamalira, ndiponso woyendetsa akamaponda mabuleki kapena kutsika phiri, chifukwa nthawi imeneyo mota imasanduka ngati dayinamo ya njinga n'kumabweza mphamvu m'batire. Kotero magetsi onse a m'galimotoyi gwero lake ndi petulo yemweyo, kungoti sawonongeka chabe.

Batire la Prius yomwe inatuluka mu 2003 limasunga magetsi okwana yunitsi imodzi ndi pang'ono, kuwerengera monga mmene timagulira pa Credelec. Ndipo kompyuta ya m'galimoto siilola kuti lidzadze kwambiri kapena lithe kwambiri, pofuna kuti likhalitse. Ndi magetsi okha, galimotoyi imayenda kilomita imodzi kapena awiri basi.

Chimene chimadzutsa injini

Kuchepa kwa batire ndi chifukwa choyamba. Chachiwiri chagona m'magiya. Pamtima pa galimotoyi pali kabokosi kolumikiza zinthu zitatu: injini, mota yaikulu imene imatembenuza mateyala, ndi jenereta yaing'ono imene imapanga magetsi ndi kulizanso injini.

Taganizani za ana atatu amene agwira nsungwi imodzi, wina kumapeto kuno, wina chapakati, wina kumapeto uko. Wapakati akaima nji, wakuno n'kupita kutsogolo, wauko amakankhidwira kumbuyo kaya afune kaya asafune. Wapakatiyo ndiye injini, wakuno ndi mateyala, wauko ndi jenereta. Tsono injini sinaime pakati penipeni, yatsamira kumbali ya mateyala. Giya la kumateyala lili ndi mano 78 pamene la jenereta lili ndi mano 30, motero injini ikakhala chete, jenereta imazungulira chobwerera kuposa kawiri ndi theka liwiro la giya la kumateyala.

Pa Prius zoyamba kugulitsidwa kunja kwa Japan, jenereta sinkayenera kupyola maulendo 6,500 pa mphindi imodzi, ndipo inkafika pamenepo galimoto ikamathamanga makilomita pafupifupi 68 pa ola. Kupitirira apo, injini inkayenera kuzungulira kuti jenereta ipumeko. Pa Prius ya 2003 jenereta inalimbitsidwa mpaka maulendo 10,000, koma malire aja a makilomita 68 anawasiya momwemo. Palinso pampu yoyendetsa oyilo m'magiyawo, imene imagwira ntchito pokhapokha injini ikuzungulira.

Chifukwa chachitatu aliyense wopalasa njinga akuchidziwa: mphepo. Amene ananyamulapo thumba la kachewere panjinga molimbana ndi mwera akudziwa mmene miyendo imapwetekera. Liwiro likawirikiza kawiri, mphepo imakankha kanayi, ndipo mphamvu yofunika kuigonjetsa imawirikiza kasanu ndi katatu. Mota ya Prius ya 2003 ili ndi mphamvu ya makilowati 50, koma batire lake limatha kupereka pafupifupi 20 okha. Ng'ombe ndi yamphamvu, koma chakudya chimaperewera.

Ntchito ya m'galaja ku California

Ganizo loti galimoto ya hayibulidi izitchajidwa pa soketi ya kunyumba silinali lachilendo. Mphunzitsi wina wa pa yunivesite ya California ku Davis, Andrew Frank, ankapanga galimoto zotere ndi ophunzira ake kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Koma makampani akuluakulu ankati mabatire ndi odula ndipo anthu sangagule.

Mu 2002 a Felix Kramer anayambitsa bungwe lotchedwa CalCars lofuna kutsutsa maganizo amenewa. Mwayi unapezeka pa kabatani kakang'ono. Prius zogulitsidwa ku Japan ndi ku Ulaya zinali ndi batani lolembedwa EV, lomwe ukalidina galimoto imayenda ndi magetsi okha mpaka makilomita pafupifupi 55 pa ola. Za ku America zinalibe batanili, koma eni galimoto anatulukira kuti kompyuta ikulidziwa ndithu, chosowa ndi waya basi. Analumikiza waya uja ndipo zinatheka.

Mu 2004 katswiri wa bungweli, a Ron Gremban, pamodzi ndi anzawo ongodzipereka, anaika mabatire 18 a asidi, a njinga zamagetsi, kumbuyo kwa Prius yawo m'galaja la kunyumba ku Corte Madera. Mabatirewo ankalemera kuposa matumba awiri a chimanga. Usiku ankailumikiza pa soketi, m'mawa inkayenda makilomita pafupifupi 16 ndi magetsi, malinga ngati woyendetsa sakupyola malire a liwiro aja. Anaitcha PRIUS+, ndipo njira yonse ya kapangidwe kake anaigawa kwaulere kwa aliyense wofuna. Paja mutu umodzi susenza denga.

Posakhalitsa makampani ang'onoang'ono anayamba kugulitsa mabatire owonjezera. Ina inali Hymotion ya ku Canada, yomwe inagulidwa ndi A123 Systems mu 2007. Batire lake la lithiyamu linkasunga mayunitsi pafupifupi 5, ndipo mtengo wake unali pafupifupi madola 10,000 a ku America.

Kuthyola malire a liwiro

Vuto lotsala linali la pamsewu waukulu. Ku America anthu ambiri amapita kuntchito pamisewu yothamanga makilomita oposa 100 pa ola, ndiye batire lalikulu linkangothandizira pamene injini ikumwabe petulo.

Amisiri anayesa njira ziwiri. Yoyamba inali kunamiza galimoto kuti petulo watha, podula magetsi a pampu ya mafuta. Kompyuta ikaona kuti injini yakana kulira, inkalola kuyenda ndi mota yokha pa liwiro loposerapo. Koma njirayi inali yoopsa, pakuti injini sinkadzukanso mpaka woyendetsa ataima ndi kuzimitsa galimoto yonse. Taganizani muli pakati popitirira thiraki, kutsogolo kukubwera ina, mphamvu n'kukuthawani.

Njira yachiwiri inali yanzeru. Anaika kakompyuta kena kolankhulana ndi makompyuta a galimoto, kuwauza kuti injini izizungulira koma isapatsidwe mafuta, monga imachitira kale potsika phiri lalitali. Mwana wapakati uja akamayendako pang'ono, wauko sathamanganso mopitirira muyeso, ndipo oyilo amayenda m'magiya. Mu 2009 kampani ya ku California yotchedwa Plug-In Conversions Corporation inalengeza kuti Prius yosinthidwa ndi iwo ikufika makilomita 113 pa ola popanda kuwotcha petulo. Komabe kuzunguza injini yosalira kumadya magetsi, ndipo pokwera phiri petulo ankafunikabe.

Ngozi nazo sizinalephere. Mu 2008 Prius ina yoikidwa batire lowonjezera inayaka moto pamsewu ku South Carolina n'kupseratu. Woyendetsa anapulumuka, ndipo ofufuza anapeza kuti malo olumikizira magetsi m'batiremo sanamangidwe bwino, motero anatentha. Kampani ya Toyota nayo sinkavomereza kusintha kotereku.

Mafakitale atsatira

Ngakhale panali zovuta zimenezi, ntchito ya m'magalaja inaonetsa poyera kuti chinthuchi n'chotheka ndipo ogula alipo. Mu December 2008 kampani ya BYD ku China inayamba kugulitsa hayibulidi yotchajidwa pa soketi. Mu December 2010 ku America kunatuluka Chevrolet Volt. Mu 2012 Toyota inatulutsa Prius yake yokhala ndi pulagi, ya batire la mayunitsi 4.4, yomwe inkafika makilomita 100 pa ola ndi magetsi okha, ngakhale mtunda wake unali pafupifupi makilomita 20 chabe.

Yotsatira, imene inatuluka kumapeto kwa 2016, inagwiritsa ntchito nsungwi ija mwa njira ina. Anaika chogwirira choletsa injini kuzungulira chobwerera, kotero kuti jenereta yaing'ono ija nayo imakankha galimoto pamodzi ndi mota yaikulu. Batire linakula kufika mayunitsi 8.8, liwiro la magetsi okha linafika makilomita 135 pa ola, mtunda makilomita pafupifupi 40. Ya 2023 ili ndi mayunitsi 13.6 ndipo imayenda makilomita pafupifupi 70 isanafune petulo. Mafakitale atayamba kupanga okha, malonda a mabatire owonjezera aja anazilala.

Zikutikhudza bwanji kuno?

Petulo amene timagula amachokera kutsidya kwa nyanja, kutsika pa doko monga la Beira, kenaka kukwera ndi mathiraki mpaka kuno. Akachedwa kapena kukwera mtengo, mtengo wa chapa umakwera, wa feteleza ndi sopo umatsatira. Koma magetsi amapangidwa m'chigawo chathu chomwechino. Damu la Cahora Bassa pa mtsinje wa Zambezi, lomwe linabwera m'manja mwa Mozambique mu 2007, lili ndi mphamvu ya mamegawati 2,075, ndipo ochuluka amagulitsidwa ku South Africa. Ku Balama m'chigawo cha Cabo Delgado kuli mgodi wa graphite, mwala wakuda wonga wa m'pensulo umene umalowa m'mabatire a lithiyamu. Galimoto yoyendera magetsi imadya mayunitsi pakati pa 15 ndi 20 pa makilomita 100. Amene muli ndi mita kunyumba mutha kuwerengera nokha, n'kuyerekeza ndi mtengo wa malita a petulo pa mtunda womwewo.

Koma tisathamange, pakuti midzi yambiri ya kuno ilibe waya wa magetsi, ndipo kasola ka padenga kotchajira foni sikangadzadze batire la galimoto. Kuchoka ku Ulongwe kufika ku Tete ndi makilomita oposa 200, kutanthauza kuti ngakhale hayibulidi ya pulagi yatsopano idzafuna petulo panjira. Ubwino wake uli pa maulendo afupiafupi a tsiku ndi tsiku, a kumsika, kuchipatala ndi kuchigayo.

Malangizo kwa ogula ndi amakaniko

Choyamba, dziwani chimene mukugula. Hayibulidi ya pulagi imakhala ndi tizitseko tiwiri m'mbali, kena ka petulo, kena ka chingwe cha magetsi, ndipo kumbuyo nthawi zambiri imalembedwa PHV kapena PHEV. Ngati kachitseko ndi kamodzi, imeneyo ndi hayibulidi wamba, ndipo wogulitsa asakunamizeni kuti imayenda popanda petulo. Funsaninso ngati chingwe chotchajira chilipo ndipo chikugwirizana ndi magetsi a kuno. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri, munthu akakuuzani kuti atha kukuikirani mabatire a sola kapena a thiraki m'buti kuti galimoto izithamanga ndi magetsi okha, kanani. Amene anachita zimenezi ku California anali akatswiri okhala ndi zida zoyezera, komabe ina inapsa.

Chachitatu, mawaya onse amtundu wa lalanje asagwiridwe. Batire la Prius lili ndi mphamvu ya mavoti oposa 200, ndipo popita ku mota imakwezedwa mpaka 500 kapena kuposa. Si batire la wailesi limeneli, limapha. Makaniko amene sanaphunzire za galimoto zimenezi alekeze pa mateyala, mabuleki ndi oyilo. Pakachitika ngozi pamsewu, othandiza atulutse anthu koma asakoke waya uliwonse.

Chachinayi, batire limadana ndi kutentha ndi fumbi. Pafupi ndi mpando wakumbuyo pali kabowo kolowera mphepo yoziziritsa batire. Musatsekepo ndi katundu kapena chitenje, ndipo fumbi la m'misewu yathu lizichotsedwa pafupipafupi, makamaka kwa amene mumatsikira ku Tete m'mwezi wa October.

Achinyamata amene akuphunzira umakaniko aike mtima pa zamagetsi ndi makompyuta a m'galimoto. Galimoto zakale za ku Japan zomwe zikufika kuno zikunka zisintha, ndipo mwini Aqua ikamuthimira pa Tsangano kapena pa Domwe adzafuna mmisiri wapafupi wodziwa kuisamala.