Gitala ya kaunjika imagulidwa pakhosi

Mnyamata wa ku Chitala amene wagulitsa mtedza kapena thonje n'kusunga kangachepe koti agulire gitala yamagetsi, kawirikawiri amakhala atasankha kale dzina. Akufuna Fender kapena Gibson, poti ndi mayina amene anawaona m'manja mwa akatswiri akuimba ku Senga Bay pa Sand Music Festival. Koma m'sitolo za ku Lilongwe gitala yatsopano ya mayina amenewa ndi yosayandikizika, choncho maso amatembenukira ku yogwiritsidwapo kale ntchito: yobwera ndi achibale kuchokera ku Joni, yogulitsidwa ndi bandi imene yatha, kapena yotsatsidwa pa Facebook. Palibe cholakwika pamenepo. Cholakwika n'kuyamba ndi dzina, chifukwa dzina ndi kachilembo komata, ndipo magitala achinyengo olembedwa Gibson ali mbwee pamsika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Choyamba kuchiyang'ana ndi khosi. Pafupifupi china chilichonse pa gitala yamagetsi chimakonzeka pafupi. Waya woduka m'kati, pobayira chingwe pogwedera, kabatani ka voliyumu kokhetcherera, zonsezi munthu wokonza mawailesi pa Salima amatha kuzilumikiza ndi mtovu pa ndalama yochepa. Nsambo zadzimbiri, zomwe n'zosapeweka kudera lachinyezi la kunyanja, n'zongosintha. Khosi lopotoka ndiye ayi. Gitala muigwire ngati mfuti, diso lili kumutu kwake, muone ngati khosi lawongoka. Kupindika pang'ono ngati uta kumawongoleka ndi chitsulo chimene chili m'kati mwa khosi, bola chikhale chikuzungulirabe. Koma ngati mbali imodzi yakwera ina yatsika, ngati thabwa louma padzuwa, isiyeni ngakhale mtengo atautsitsa chotani. Kenaka dinikizani nsambo imodzi pa fureti (kachitsulo kopingasa pakhosi) yoyamba ndi yomaliza nthawi imodzi: pakatikati pazitsala kampata kongolowa kapepala kolimba. Imbani fureti iliyonse, nsambo iliyonse, kumvetsera kunjenjemera. Mafureti okumbika pansi pa nsambo ndi ntchito ya mmisiri weniweni, ndipo amisiri otere sapezeka pa msika uliwonse.

Khosi lomwelo ndi limene limanena ngati gitalayo ndi yanu. Pa Stratocaster, imene Fender anaitulutsa mu 1954, nsambo zimatalika pafupifupi masentimita 65. Pa Les Paul ya Gibson, ya mu 1952, zimatalika pafupifupi 63. Kusiyana kwake kumaoneka kochepa, koma wa zala zazifupi amakumva akamatambasula dzanja. Les Paul imalemeranso, nthawi zambiri kupitirira makilogalamu 4, ndipo amene adzaimirire nayo pa lamba mapemphero a usiku wonse m'nyengo yotentha ya Okutobala ayenera kuiyesa ataimirira, osati atakhala pa benchi ya wogulitsa.

Kenaka pabwere khutu. Nyimbo zathu zambiri, kuyambira kaimbidwe ka ku Balaka kamene Paul Banda ndi Alleluya Band anakafalitsa, mpaka sungura ya ku Zimbabwe ndi rumba ya ku Congo, zimafuna gitala ya mawu owala, osalemera, oti nsambo iliyonse izimveka payokha. Mawu otere amachokera ku mapikapu (tizipangizo totola mawu pansi pa nsambo) opyapyala a koyilo imodzi, onga a Stratocaster. Vuto lawo n'loti amakoka phokoso la magetsi, kung'ung'udza kuja kumene kumakula waya wa m'tchalitchi akakhala wopanda efi. Mapikapu onenepa a makoyilo awiri, amene Gibson anayamba kuika pa Les Paul mu 1957, amathetsa phokosolo koma mawu ake ndi olemera. Palibe opambana anzake. Funso n'loti mudzaimba chiyani, ndipo kuti. Poyesa, gitala ilumikizidwe ku ampu, mugogode pikapu iliyonse ndi msomali uku mukusuntha switchi. Imene yakhala chete ndiye kuti yafa kapena waya wake waduka, ndipo pamenepo mtengo utsike.

Ena anganene kuti chakale ndi mavuto a mwini wake, kuli bwino yatsopano yotchipa yopanda dzina. Mfundoyi ili ndi mutu, chifukwa yatsopano ili ndi risiti. Komabe thabwa la gitala imene yatha zaka khumi osapotoka laonetsa kale khalidwe lake, pamene latsopano silinayesedwe ndi dzuwa la ku Salima. Ena angati dzina limathandiza pogulitsanso. N'zoona, ngati dzinalo ndi lenileni. Squier ndi ya kampani ya Fender yomweyo, Epiphone ndi ya Gibson kuyambira 1957, ndipo Yamaha Pacifica yakhala ikutumikira oyamba kumene kuyambira cha m'ma 1990. Squier yeniyeni imaposa Fender yabodza pa chilichonse, ngakhale pa tsiku loigulitsa.

Chotsutsa champhamvu kwambiri n'cha mtunda. Wogulitsa ali ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, wogula ali ku Chitala, ndiye aigwira bwanji? Apa palibe njira yachidule. Ndalama ya minibasi yopita ku Lilongwe ndi yochepa poyerekeza ndi ndalama yotumizidwa pa Mpamba kapena Airtel Money kwa munthu amene mwangoona chithunzi chake. Ngati gitala ili kunja, m'bale wodziwa kuimba akaiyese, atumize kanema akuimba fureti iliyonse. Wogulitsa afotokozenso kumene anaitenga ndipo alembe kalata yogulitsirana pamaso pa mboni, chifukwa zoimbira za m'matchalitchi zimabedwa, ndipo wopezeka nazo ndi amene amayamba kuyankha kupolisi. Ngati pali ampu yoonjezera, werengani kumbuyo kwake: ya ku America yolembedwa 120V imapsa ikalowa pa magetsi a ESCOM, amene ndi 230V.

Choncho inu a ku Chitala, pokwera minibasi tengani mnzanu amene amaimba kale, chingwe chanu chimene mukuchidziwa kuti n'chabwino, ndi msomali umodzi m'thumba. Wogulitsa akakana kuti muilumikize ku ampu, ndalama yanu ibwerere kumudzi.