Kodi mumadziwa? Vinyo woyera wa ku Bordeaux

Kodi mumadziwa kuti vinyo woyera wa ku Bordeaux, kumwera chakumadzulo kwa France, kawirikawiri safulidwa ndi mtundu umodzi wa mphesa? Amasakaniza Sauvignon Blanc ndi Sémillon, mwinanso n'kuthirako Muscadelle pang'ono. Sauvignon imabweretsa kuwawasa ndi fungo lakuthwa, pamene Sémillon imachititsa vinyo kumveka wolemerera m'kamwa komanso kukhalitsa m'botolo.

Nanga mumadziwa kuti muyezo wosakanizira umasintha chaka ndi chaka? Apa ndiye pali luso lenileni. Dzuwa likaomba kwambiri, shuga amachuluka m'mphesa, kuwawasa n'kutsika, moti alimi amathamangira kukolola Sauvignon mu Ogasiti, m'mamawa kusanatenthe. Mvula ikanyanya, Sémillon ndiyo imavutika, chifukwa khungu lake ndi lopyapyala ndipo imaola msanga. Choncho wofulula amasunga mtundu uliwonse pawokha, amalawa mgolo ndi mgolo, kenaka n'kuona woti achulukitse ndi woti achepetse. Mtundu umene nyengo yaukomera umaphimba zofooka za unzake.

Chisanu nacho si chocheza. Cha mu Febuluwale 1956 chinapha mitengo yambiri ya mphesa, ndipo pobzalanso alimi ambiri anasankha mphesa zakuda. Lero vinyo wofiira ndiye wochuluka kwambiri kumeneko, pomwe kale woyera ndiye ankaposa. Chisanu cha mu Epulo 2017 chinawaula mphukira, zokolola n'kutsika ndi pafupifupi 40 peresenti. Masiku oterowo alimi amachezera kuyatsa makandulo akuluakulu m'mizere kuti mpweya ufundeko.

Kodi mumadziwanso kuti kuola kwina n'kwamtengo wapatali? Ku Sauternes, dera lina la ku Bordeaux, madzi ozizira a mtsinje wa Ciron akakumana ndi ofunda a Garonne, m'mawa kumagwa chifunga. Masana dzuwa likawala, chuku chotchedwa Botrytis cinerea chimaboola khungu la mphesa, madzi n'kuuma, shuga n'kutsala. Umo ndi mmene amapezera vinyo wotsekemera ngati uchi. Koma masana akakhalanso achinyezi, mphesa zimangovunda basi. Mu 2012 ofulula vinyo a ku Château d'Yquem, ku Sauternes komweko, anaona kuti nyengo yawalaka, ndipo sanatulutse vinyo wawo wotchukayo chaka chimenecho. Kulolera kutaya ndalama pofuna kusunga dzina m'njira yotere n'koyenera ulemu.

Zotsala zili m'manja mwa wofulula. Akafuna vinyo wopepuka, wonunkhira zipatso, amamusasitsa m'mathanki achitsulo ozizira. Akafuna wokhalitsa, monga wa ku Pessac-Léognan, amamuika m'migolo ya mtengo wa oak ya malita 225, n'kumatakasa nsenga za yisiti zimene zadikha pansi. Denis Dubourdieu, pulofesa wa pa yunivesite ya Bordeaux amene anamwalira mu 2016, ndi mmodzi mwa amene anafufuza ndi kufalitsa njira imeneyi.

Mukadzagwira botolo lotere, yang'anani chaka chimene chalembedwapo: ndi chaka chimene mphesazo zinakololedwa, osati chimene vinyoyo anatsanulidwa m'botolo.