Aluminiyamu Kapena Pulasitiki: Kusankha Zipangizo za Magalimoto Oyendetsedwa ndi Rimoti

Magalimoto ang'onoang'ono oyendetsedwa ndi rimoti, amene m'maiko ambiri amadziwika ndi zilembo za RC, alipo a mitundu iwiri: zidole za ana zimene zikathyoka zimangotayidwa, ndi magalimoto amene anapangidwa mwakuti chipangizo chilichonse chikhoza kumasulidwa, kukonzedwa kapena kusinthidwa. Mtundu wachiwiriwu ndi umene amapanga makampani monga Tamiya ya ku Shizuoka m'dziko la Japan, Traxxas ya ku Texas m'dziko la America, komanso Arrma ndi Axial, amene ali pansi pa Horizon Hobby. Galimoto yotchedwa Slash, imene Traxxas inatulutsa m'chaka cha 2008, ndi chitsanzo chabwino, pakuti ngakhale kutalika kwake kumangopitirira pang'ono theka la mita, ili ndi mashoko a mafuta, magiya ndi chiwongolero zogwira ntchito mofanana ndi za galimoto yeniyeni. Zipangizo zambiri za magalimotowa zimachoka kufakitale zili zapulasitiki, ndipo tsiku limene chimodzi chathyoka, mwini wake amapeza kuti amalonda ali ndi china chaaluminiyamu, chonyezimira ndi chokwera mtengo, chimene amachitcha chabwino koposa. Funso loyenera kufunsa pamenepo si lakuti cholimba n'chiti, koma lakuti mphamvu ya ngozi ipita kuti.

Kusiyana kwa zinthu ziwirizi

Pulasitiki amene amagwiritsidwa ntchito m'magalimotowa si wa mabeseni kapena zidebe ayi, koma kawirikawiri ndi nayiloni, amene Wallace Carothers ndi anzake anapanga koyamba ku kampani ya DuPont m'chaka cha 1935, ndipo nthawi zina amasakanizidwa ndi timaulusi tagalasi kuti aume. Khalidwe lake lalikulu n'lakuti akapanikizidwa amapinda kenaka n'kubwerera m'malo mwake, ndipo amathyoka pokhapokha mphamvuyo ikapitirira malire. Aluminiyamu salola kupinda msanga, koma akapinda sabwereranso, ndipo kumuwongola kumamufooketsa mpaka kuchita mng'alu. Pa kulemera, kachidutswa ka aluminiyamu kotalika sentimita imodzi mbali zonse kamalemera magalamu 2.7, pamene ka nayiloni kamalemera pafupifupi magalamu 1.14, kutanthauza kuti chipangizo chaaluminiyamu chofanana kukula ndi chanayiloni chimalemera kuposa kawiri.

Kusiyana kumeneku kumaonekera bwino pa mikono ya matayala, ndiko kuti zipangizo zimene zimalumikiza tayala ku chimango cha galimoto ndi kulilola kukwera ndi kutsika. Galimoto ikawomba mwala ndi tayala lakutsogolo, mkono wanayiloni umapinda n'kumeza gawo lalikulu la mphamvuyo, ndipo ukalephera umathyoka wokha, zina zonse n'kupulumuka. Mkono waaluminiyamu sumeza mphamvuyo koma umaipereka kwa chipangizo chotsatira, motero chimene chimawonongeka ndi kachitsulo kamene mkonowo umazungulirapo, nyumba ya magiya kapena chimango chenichenicho, zomwe ndi zodula ndiponso zofuna kuphwasula galimoto yonse pokonza. Choncho mkono wapulasitiki umagwira ntchito ngati fyuzi ya magetsi, imene imapsa dala kuti wayilesi isapse. Palinso vuto lobisika lakuti mkono waaluminiyamu ukhoza kupinda pang'ono osaoneka ndi maso, galimoto n'kuyamba kukokera mbali imodzi ndi kudya matayala, mwini wake osadziwa gwero lake.

Nkhaniyi yakula chifukwa cha liwiro. Mamota opanda maburashi pamodzi ndi mabatire a LiPo apangitsa kuti magalimoto ena azithamanga kupitirira makilomita 90 pa ola, ndipo malamulo a sayansi amanena kuti liwiro likawonjezeka kawiri, mphamvu ya kuwombana imawonjezeka kanayi. Akuluakulu anati walira mvula walira matope: amene waika mota yamphamvu wavomereza kuti china chake chidzathyoka, ndipo chimene chatsala m'manja mwake ndi kusankha kuti chothyokacho chikhale chotsika mtengo ndi chosavuta kusintha.

Pamene aluminiyamu amapambana

Zimenezi sizitanthauza kuti aluminiyamu alibe malo, chifukwa pali zipangizo zimene kupinda n'kumene kumaziwononga. Choyamba ndi chomangirapo mota, chimene chikapinda ngakhale pang'ono chimasiyanitsa giya ya mota ndi giya yaikulu mpaka mano ake kuperepeseka. Kuwonjezera apo, aluminiyamu amayamwa kutentha kwa mota n'kukumwaza mumpweya, pamene pulasitiki amakusunga. Chachiwiri ndi mashoko, amene zivindikiro zake zapulasitiki zimatha kufwamphuka galimoto ikatera mwamphamvu, mafuta onse n'kutayika. Chachitatu ndi zipangizo za chiwongolero, makamaka kamkono ka servo, kamota kamene kamakhotetsa matayala, pakuti mano ake apulasitiki amatha msanga ndipo chiwongolero chimayamba kugwedera. Komabe amene walimbitsa chiwongolero ayenera kusiya kachipangizo ka sipuling'i koteteza servo, apo ayi mphamvu ya ngozi idzathera m'magiya a kamotako. Chachinayi ndi timitu ta ngodya zisanu ndi imodzi timene timagwira tayala, timene pa magalimoto ambiri a msinkhu wa Slash ndi ta mamilimita 12, ndipo tapulasitiki timabulungika mota ikakhala yamphamvu.

Aluminiyamu nayenso ali ndi magulu ake. Wotchedwa 6061, wosakanizidwa ndi maginiziyamu ndi silikoni, ndi amene amapezeka kwambiri, pamene 7075, wosakanizidwa ndi zinki ndipo wodziwika pa ntchito yopanga ndege, amapirira mphamvu pafupifupi kawiri asanapinde. Zilembo za T6 zimene zimatsatira manambalawa zimasonyeza kuti chitsulocho chinalimbitsidwa ndi moto. Mtundu wofiira, wabuluu kapena wagolide umene umakopa ogula umachokera ku kachikuto kopyapyala kamene amakapanga ndi magetsi pamwamba pa chitsulo, ndipo sunena kanthu za kulimba kwa m'kati. Chipangizo chotsika mtengo chimene wogulitsa sanatchule gulu la aluminiyamu wake chikhoza kukhala chofooka kuposa chapulasitiki chimene chikuchotsedwacho.

Pulasitiki wabwino ndi kayendetsedwe ka mwini

Ambiri amaiwala kuti kuwonjezera ubwino wa galimoto kukhoza kutanthauza kugula pulasitiki wabwino koposa. Kampani ya RPM ya ku California inatchuka chifukwa cha mikono ndi mabampa anayiloni amene amapinda kwambiri asanathyoke. Nayiloni amayamwa chinyezi ndipo chinyezicho chimamuthandiza kufewa, n'chifukwa chake ena amawiritsa zipangizo zatsopano m'madzi asanaziike. Koma kuzizira kumamuumitsa, kotero kuti m'maiko ogwa chipale chofewa mikono imathyoka kawirikawiri m'nyengo yachisanu kusiyana ndi m'malo otentha.

Kayendetsedwe ka mwini galimoto ndi kamene kamamaliza mlandu. Amene amakonda kudumphitsa galimoto pa zulu ndi kuigubuduza amapindula ndi mikono, mabampa ndi zogwirizira thupi zapulasitiki. Wampikisano amafuna galimoto yopepuka ndi chiwongolero chomvera, motero amaika aluminiyamu m'malo ochepa okha, podziwa kuti kulemera kwa zipangizo zoyenda pamodzi ndi tayala kumachedwetsa mashoko ndi kuchepetsa kugwira kwa tayala pansi. Magalimoto okwera miyala monga Axial SCX10 ndi Traxxas TRX-4 ndi osiyana, chifukwa amayenda pang'onopang'ono, sawombana mwamphamvu, ndipo kulemera kwa m'munsi kumawathandiza kuti asagudubuzike, mwakuti eni ake amaikamo dala zitsulo zolemera pafupi ndi matayala.

Pomanga, sikuluwu yolowa mu aluminiyamu imafuna kadontho ka mankhwala omata ulusi wake kuti isamasuke ndi kunjenjemera, koma mankhwalawo sayenera kuikidwa pa yolowa mu pulasitiki, amene amagwira sikuluwu yekha ndipo mitundu yake ina imawonongeka nawo.

Njira yanzeru, makamaka kwa munthu amene amaitanitsa zipangizo kuchokera kunja n'kudikira nthawi yaitali, ndiyo kuyendetsa galimoto monga inabwerera, kusunga mikono yapulasitiki yapadera, ndi kusintha chokhacho chimene chalephera mobwerezabwereza. Ngati chinalephera chifukwa cha kupinda, kutentha kapena kuperepeseka, aluminiyamu wa gulu lodziwika ndiye yankho. Ngati chinathyoka pa ngozi, n'kutheka kuti chinagwira ntchito yake yoteteza zinzake, ndipo choyenera kulowa m'malo mwake ndi chapulasitiki china.