Mafuta Otayika Panyanja Satha Msanga

Pa 24 Malichi 1989, sitima yonyamula mafuta yotchedwa Exxon Valdez inagunda thanthwe la pansi pa madzi m'chigawo cha nyanja yamchere cha Prince William Sound ku Alaska, m'dziko la Amereka. Mafuta osayenga okwana malita pafupifupi 41 miliyoni anakhuthukira m'nyanjamo, nadetsa magombe otalika makilomita pafupifupi 2,000. Akatswiri anaŵerengera kuti mbalame za m'nyanja pafupifupi 250,000 zinafa, pamodzi ndi akatumbu 2,800.

Imfa ya mbalame yotere njomvetsa chisoni. Nthenga ndizo zimaitchinjiriza ku madzi ndi chisanu, koma zikamatana ndi mafuta madzi ozizira amafika pakhungu, ndipo mbalameyo imazizidwa kapena kumira. Ikamayesa kudziyeretsa ndi mlomo, imameza mafutawo naononga chiŵindi ndi impso zake.

Anthu zikwizikwi anagwira ntchito yotsuka magombewo, ndipo patapita zaka zoŵerengeka miyala inaoneka yoyera. Ambiri anayesa kuti vuto latha. Koma m'chaka cha 2001, akatswiri a boma la Amereka atakumba maenje m'magombemo, anapeza mafuta ali chikhalire pansi pa nsangalabwi, pomwe dzuŵa, mpweya ndi mafunde sizifika kuti ziwasungunule. Poizoni wake anali asanathe mphamvu.

Zamoyo zofuna chakudya m'malo otereŵa ndizo zinavutika nthaŵi yaitali. Abakha a mtundu wa harlequin, amene amadya nkhono za m'gombe, ankapezekabe ndi zizindikiro za mafuta m'chiŵindi patatha zaka 20. Bungwe loyang'anira ntchito yobwezeretsa chilengedwe kumeneko linalengeza kuti abakhawo ndi akatumbu abwerera mwakale m'chaka cha 2014, zaka 25 chichitikire ngoziyo.

Makolo athu anati madzi akatayika saoleka. Boma la Amereka linazindikira zimenezi, ndipo m'chaka cha 1990 linakhazikitsa lamulo lakuti sitima zatsopano zonyamula mafuta zikhale ndi makoma aŵiri, kuti lakunja likabooka lamkati ligwire mafutawo.

Ife tikuti akuluakulu a boma asamaŵerengere chionongeko chotere pa mitembo ya mbalame yotoledwa m'masiku oyamba okha, pakuti chimene chabisala pansi chimapwetekabe patapita zaka zambiri. Aphunzitsi nawonso awauze ana asukulu kuti gombe looneka loyera pamwamba likhoza kukhala likudwalabe pansi.