Chipewa cha dzino: chotchipa chimadula pambuyo

Dzino likabenthuka, dokotala amatha kuliveka chipewa chotchedwa crown. Mitengo imasiyana, kulimbanso kumasiyana.

Cha pulasitiki n'chotchipa koma chimaperepeseka msanga, n'chifukwa chake kawirikawiri chimakhala chongoyembekezera. Cha chitsulo kapena golide sichisweka wamba, ndipo chimayenera mano akumbuyo otafunira. Cha porcelain chokhala ndi chitsulo mkati chimaoneka ngati dzino lenileni, koma chimatha kubenthuka mukamakukuta chimanga chokazinga. Cha zirconia n'choyera komanso cholimba, koma chimaboola m'thumba.

Werengerani ngati pooda katundu: funsani dokotala zaka zomwe chingakhale, mugawe mtengo ndi zakazo. Funsaninso ngati mtengowo ukuphatikiza X-ray ndi kukonza dzinolo. Mukaveketsa, lekani kutsegula mabotolo ndi mano. Mpamba ungathere pakamwa.