Magetsi a Ukraine pakati pa nkhondo

Asilikali a Russia asanalowe m'dziko la Ukraine mu February 2022, magetsi oposa theka a dzikolo ankachokera ku mphamvu ya nyukiliya, ndipo ambiri mwa otsalawo ankachokera ku malasha. Ankapangidwa pa malo ochepa koma akuluakulu, ambiri omangidwa m'nthawi ya Soviet Union. Pa mtendere zimenezi zinalibe vuto, koma pa nkhondo malo otere savuta kuwaloza ndi mzinga.

Pa 4 March 2022 Russia inalanda malo a nyukiliya a Zaporizhzhia, omwe ndi aakulu kuposa onse ku Ulaya. Kuyambira mu October chaka chomwecho mizinga ndi madroni zinayamba kugwa pa malo opangira ndi kugawira magetsi. Damu la Kakhovka linagumulidwa mu June 2023, ndipo malo a malasha a Trypilska, omwe ankawalitsa chigawo cha Kyiv, anaphwasulidwa mu April 2024. Magetsi anayamba kuyaka mosinthanasinthana, majenereta n'kumalira m'misewu.

Chinathandiza msanga n'chakuti pa 16 March 2022 nthambo za Ukraine zinalumikizidwa ndi za mayiko a ku Ulaya, ntchito yomwe inkayembekezeka kutha mu 2023. Dzikolo linatha kugula magetsi kwa anansi ake akumadzulo.

Kusintha kwakukulu kunachitika pa kaganizidwe. Mphepo ndi dzuwa, zomwe kale zinkatchulidwa pokamba za kusintha kwa nyengo, zinasanduka nkhani ya chitetezo. Mzinga umodzi ungathe kuzimitsa malo a malasha kwa miyezi, koma makina amphepo amaima motalikirana, moti limodzi likagwa enawo amapitiriza kuzungulira. N'chifukwa chake kampani ya DTEK inamaliza kuimika makina 19 ku Tyligulska, m'chigawo cha Mykolaiv, mu 2023 nkhondo ili mkati. Zipatala ndi masukulu zinayamba kuika masola ndi mabatire pamadenga, ndipo mu 2024 boma linachotsa msonkho pa zipangizo zotere. Chaka chomwecho linavomereza ndondomeko yoti pofika 2030, 27 peresenti ya mphamvu zonse izichokera ku zinthu zosatha monga dzuwa, mphepo ndi madzi.

Komabe masola paokha sangathe kupulumutsa dzikolo. Kuzizira kumafika pachimake m'miyezi imene dzuwa limaoneka maola ochepa, ndipo makina ambiri amphepo omangidwa kale ali kummwera, kumene kunalandidwa. Magetsi ambiri akuchokerabe ku malo atatu a nyukiliya amene ali m'manja mwa boma: Rivne, Khmelnytskyi ndi South Ukraine.