Kodi mumadziwa? Mtedza wa ku Kachebere unali ndi wogula m'modzi

Chisanafike chaka cha 1987, mlimi wamng'ono wa ku Kachebere, ku Mchinji, analibe kosankha kogulitsa mtedza wake wochuluka. ADMARC, yomwe inakhazikitsidwa mu 1971, ndiyo inkagula mbewu za alimi ang'onoang'ono, pamtengo woikidwa ndi boma. Ukaukana mtengowo, thumba lako umabwerera nalo kunyumba.

Lero mavenda amapachika masikelo pansi pa mitengo m'misika ya Mchinji, ndipo mlimi akaona kuti wamunyenga uyu, amasenza thumba n'kupita kwa winayo. Komatu ogula akapangana mtengo mseri, kuchuluka kwawo n'kwachabe. N'chifukwa chake lamulo la mpikisano pamalonda la 1998 linaletsa mapangano otere.